Phazi Lopita ku Joni

Maganga, Salima
6 Novembala 1995

Okondedwa Azakhali Gladys,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Joni. Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa latiwamba, mvula ikungoopseza osagwa. Ndine Tiwonge, mwana wa malemu alongo anu a Yohane, uja munamusiya akutuluka mamina. Pano ndili ndi zaka makumi awiri, ndipo polowa m'nyumba ndimachita kuwerama.

Ndikudziwa kuti mudabwa. Chimwalirireni abambo sitinalemberanepo, lero ndikuyamba ndi dzanja lotambasula. Manyazi ndili nawo, koma kupempha si kuba.

Kwabwera bungwe latsopano loteteza nkhalango kumapiri aja a njira ya ku Lilongwe. Likufuna masikauti asanu ndi mmodzi oti aziyendera nkhalango n'kumachotsa misampha ya opha nyama. Malipiro ndi a mwezi ndi mwezi, nyumba ndi ya bungwe. Poti ano ndi matipate, akuti akazi nawonso ayesere, ndipo thalauza titha kuvala popanda wotigwira. Mayeso ake si a cholembera ayi, ndi a miyendo. Pa 17 Febuluwale, pakati penipeni pa dzinja, tidzathamanga kukwera phiri, kuwoloka mtsinje, kudutsa dambo n'kubwerera. Oyamba kufika asanu ndi mmodzi, ntchito ndi yawo.

Azakhali, masamu anandigwetsa pa JC, koma kuthamanga ndiye kwanga. M'mawa uliwonse ndimakwera phiri la Senga, ndipo anyamata a timu ya mpira analeka kupikisana nane chifukwa ndimawachititsa manyazi pamaso pa zibwenzi zawo.

Vuto ndi limodzi. A Mcdonald, mkulu wa masikautiwo, anena poyera kuti wopanda nsapato zotseka sayamba n'komwe, chifukwa m'nkhalangomo muli minga, miyala yakuthwa ndi mawaya a misampha. Ine ndili ndi sofiya zanga zakutchalitchi basi. Ndinaziyesa pamatope a padambo, ndinaterereka ngati mlamba, ana anandiseka mpaka kunyumba. Pakaunjika pali za tenesi, koma zimamwa madzi n'kulemera ngati bulangete lochapa.

Ndikupempha nsapato zosalowa madzi, zogwira pamatope, zopepuka. Chonde musanditumizire majombo a mphira aja a m'munda wa mpunga, ndingakaseketse anyani.

Ndikalephera apa, ndibwerera kukayanika usipa pamathandala a eni ake mpaka ukalamba. Chichokereni bwato la abambo, ndi mmene tikudyera ine ndi amayi. Iwo sakudziwa kuti ndakulemberani.

Ndine mwana wanu,
Tiwonge


Johannesburg
23 Novembala 1995

Mwana wanga Tiwonge,

Kalata yako ndinaiwerengera m'khitchini mwa dona wanga, ndipo anandipulumutsa ndi anyezi amene ndimadula, apo ayi akanandifunsa chimene ndimalira. Iwe mwana iwe! Zaka zonsezi zii, ine ndimati banja la mlongo wanga linandikwirira ndili moyo. Ndili bwino, ndanenepa, mawondo okha ndiwo akundiukira.

Wagogoda pakhomo poyenera. Dona wanga ndi amuna ake ndi amisala a zothamanga m'mapiri. Loweruka lililonse amabwerako matope mpaka m'makutu, ndipo wochapa nsapato zawozo ndine. Ndimazidziwa kunja ndi m'kati.

Dzulo ndinapita kusitolo kumene iwo amagula. Mayo ine, nsapato khoma lonse! Zilipo zothamangira pa tala, zofewa bwino koma kunsi kwake n'kosalala, zimenezo ungathyoke nazo khosi. Zilipo zina zoboola timabowo ngati sefa, madzi amalowa n'kutuluka okha, koma ndikuopa minga ndi mchenga. Alipo majombo achikopa ofika m'misomali ya mwendo, olimba zedi, koma kulemera kwake ungamati wamanga njerwa. Zimene zandigwira mtima ndi zazifupi, kunsi kuli mano ngati tayala la thirakitala, kutsogolo kolimba koteteza zala, ndipo m'kati anaikamo kansalu kena kosalola dontho kulowa. Wogulitsa anathira madzi pamwamba ine ndikuona, madziwo anangogubuduka n'kugwa pansi.

Koma mwana wopusa iwe, walemba zonsezi osandiuza sayizi! Ndipo ngakhale ukanalemba, manambala a kuno ndi osokoneza, bokosi limodzi manambala atatu, ya kuno, ya ku Ulaya, ya ku Amereka. Chita izi. Tenga pepala, uliike pamalo olimba, upondepo utaimirira. Uchite masana utayendayenda, phazi litafufuma. Munthu wina azungulize pensulo m'mbali mwa phazilo, pensulo yoimika, osapendeketsa. Unditumizire phazi lakolo mu envulopu, ine ndipita nalo kusitolo akaliyeze.

Fulumira, positi ya Disembala imayenda ngati nkhono. Amayi ako uwapatse moni wanga, ngati angaulandire.

Azakhali ako,
Gladys


Maganga, Salima
10 Disembala 1995

Okondedwa Azakhali,

Kalata yanu yandipeza bwino, ndipo ndavina mpaka nkhuku kuthawa. Zamano a thirakitalazo ndi zomwezo, musasinthenso maganizo!

Phazi ndi limenelo m'pepalamo. Anandilemba ndi a Tausi, anansi athu, ine nditaponda pa benchi ya kutchalitchi imene ikukonzedwa kwa akalipentala. A Tausi amangoseka, akuti chibadwire sanaonepo phazi likupita ku Joni mwini wake n'kutsala.

Koma kunyumba kunali utsi. Amayi anapeza kalata yanu m'Baibulo mwanga. Atafika pa mawu aja akuti “unditumizire phazi lako,” anakhala pansi ngati awamenya ndi chibonga.

“Akufuna chiyani?”

“Sayizi, amayi.”

“Sayizi ilibe nambala? Sitolo yanji yogulitsa nsapato ndi phazi la munthu? Abambo ako anafa bwanji, waiwala?”

Mukudziwa zonena za kuno, Azakhali. Akuti munthu woipa amatapa dothi pamene mnzake waponda n'kukalikonza, mwini phazi miyendo n'kutupa. Abambo anatupa miyendo asanamwalire, ndiye amayi palibe angawachotse pamenepo. Ndinawauza kuti izo ndi zakale, pepala si dothi. Anandikalipira kuti sukulu yanga ya theka ija yandipatsa mwano. Tinagona osalankhulana.

Lero m'mawa adzuka ofatsa. Akuti poti ndaumirira, iwo salimbana nane, ndipo mawa akupita kuboma kukagulitsa usipa wotsala, akaponya okha kalatayi. Mwaona? Amayi anga ndi mvula ya mabingu, imaopsa koma sikhalitsa. Musawasungire mangawa.

Mvula yayamba. Ku chilumba cha Mbenji atseka usodzi, nsomba zasowa, ndiye nthawi yothamanga ndili nayo yambiri.

Ndine mwana wanu,
Tiwonge


Salima boma
11 Disembala 1995

Alamu,

Ndine Ruth, make Tiwonge. Ndaika kapepala kanga mu envulopu ya mwanayu. Dzanja langa ndi la sukulu ya kwacha, mupirire nalo.

Mwamuna wanga anatupa miyendo mpaka kufa. Aliyense kuno akudziwa kuti anamutapa phazi pamchenga wa ku Mbenji. Maliro asanathe, abale anu anakoka bwato ndi maukonde. Inu simunabwere, simunalembe. Lero mwatulukira, mukufuna phazi la mwana wanga mmodzi yekhayo.

Mwapempha phazi. Phazi ndi limenelo. Chimene mukufuna kuchita nalo chitani, mwini wake wakonzeka.

Mulungu akuona.

Ruth


Johannesburg
4 Januwale 1996

Tiwonge,

Moni wa chaka chatsopano. Ndikanakonda kulemba mosangalala, koma kapepala ka amayi ako kandidyetsa Khirisimasi yowawa.

Ine mfiti? Ine kulodza Yohane, amene ndinamubereka kumsana amayi athu ali kumunda? Uwauze amayi ako kuti telegalamu ya maliro inandipeza mlongo wanga atagona kale m'manda, ndipo nthawi imeneyo ndinalibe mapepala, ndikanatuluka m'dziko muno sindikanalowanso. Za bwatozo akafunse amene analikoka, ine ngakhale nkhafi sindinaione. Yohane ankadwala impso, adokotala ananena, koma anthu safuna matenda opanda mwini. Ndakwiya, sindibisa. Ndinatsala pang'ono kuling'amba pepala lako lija.

Koma iwe sunandilakwire. Ndinapita nalo kusitolo. Wogulitsa analiyala pa chitsulo chawo choyezera, akuti sayizi 5. Ndinadabwa. Iwe wowerama polowa m'nyumba, kaphazi kafupi chonchi, kotambalala kutsogolo ngati ka bakha? Kaya watengera kuchimake, kwathu kulibe mapazi otere. Tinawonjezera theka, chifukwa akuti potsika phiri phazi limathamangira kutsogolo, ndiye pakati pa chala chachikulu ndi mphuno ya nsapato pazitsala malo okwana chala cha kumanja. Nsapato yothina m'phiri ndi mdani, akuti imazula zikhadabo.

Ndagula zamano zija, zobiriwira modera, ndi masokosi awiri. Bonasi yanga yonse yathera pomwepo, ndiye usazivale kumsika ponyadira. Ndapatsira a Anderson, a ku Nkhotakota, oyendetsa thiraki. Anyamuka pakati pa mwezi uno, adzazisiya pa golosale ya pafupi ndi depoti kuboma.

Tamvera malangizo. Zikafika uziyenda nazo tsiku lililonse kuti zizolowere phazi, nsapato yatsopano sathamangira mpikisano. Chachiwiri, wogulitsa uja anandichenjeza kuti kansalu kosalowa madzi kaja kali ndi khalidwe lake. Mame, matope ndi zithaphwi sizikukhudza. Koma ukawoloka mtsinje madzi n'kulowera pamwamba, satulukanso, amakhala momwemo. Ukawoloka, vula, khuthula, vala, pita. Kuchedwa kwake n'kochepa.

Ukapambane, mwana wa mlongo wanga. Amayi ako sindiwapatsa moni ulendo uno.

Gladys


Maganga, Salima
28 Januwale 1996

Okondedwa Azakhali,

Kalata yanu yafika, nsapato ayi. Ndapita kugolosale kuja mpaka mwini wake akangondiona amapukusa mutu ndili patali. Kodi a Anderson amenewa ndi munthu wokhulupirika? Ena akuti mathiraki aima pa Mwanza, ena akuti mlatho wina wakokoloka ku Mozambiki. Mtima wanga uli m'mwamba, chakudya sichikulowa.

Sayizi 5 yandidabwitsa nanenso, sofiya zanga zinafufutika nambala koma ndimayesa ndine wa 7. Kaya ndi manambala osokoneza mumanena aja. Ndi katheka mwawonjezerako, zikwana basi.

Pepani chifukwa cha kapepala ka amayi, sindinadziwe kuti anaikamo kanthu. Ndinawawerengera zonse munalemba. Anangotuluka panja.

Masiku ano sindikuwamvetsa. Akadzuka amakhala pamphasa n'kumadina miyendo yawo ndi chala, kenako amandiitana. “Tayang'ana, mwendo uwu sunatupe?” Ndikati ayi, amati ndiyang'anitsitse. Akudwala chiyani sanena. Mwina ndi ukalamba ukuyamba.

Ndikuthamangabe chopanda nsapato. Amene talembetsa tilipo ambiri, akazi atatu okha. Anyamata ena agula kale majombo kwa asilikali opuma, akumandifunsa kuti, “Za ku Joni zija zikubwera wapansi?” Ndimangoseka.

Ndine mwana wanu,
Tiwonge


Maganga, Salima
13 Febuluwale 1996

Azakhali,

Sindikudziwa poyambira. Moni ndapereka, koma ine sindili bwino.

Nsapato zafika dzulo. A Anderson anachedwa pa malire, si vuto lawo. Ndinathamanga nalo bokosi kuchokera kuboma osalitsekula, ndimafuna ndikatsekulire pakhomo. Anansi anasonkhana. Azakhali, kukongola kwake! Mano ake ndinawagwira ndi chala, a Tausi anathira madzi a m'kapu, madzi n'kugubuduka monga munanenera. Anthu anaomba m'manja.

Ndinalowetsa phazi. Linakana. Ndinamasula zingwe zonse, ndinakoka, ndinapondereza, chidendene chinatsala panja. Anthu aja anayamba kuyang'ana kumbali. Mulungu andikhululukire, ndinakutukwanani mumtima. Ndinati azakhali abwezera mawu a amayi pa ine, agula dala zazing'ono. Ndinaziponya pakhonde n'kuyamba kulira ngati kamwana.

A Tausi, pofuna kuseketsa anthu, anatola imodzi. “Zisatayike izi. Make Tiwonge, tayesani inu, mwina mukathamanga ndinu.” Amayi anakana. A Tausi sadziwa kukanidwa, anagwada n'kuwagwira mwendo, anthu akuseka. Phazi la amayi linangolowa lokha, tswii, ngati nsapatoyo anaisokera pomwepo. A Tausi anadina kutsogolo, malo a chala chimodzi anatsala ndendende.

Kuseka kunatha. A Tausi anayang'ana phazi la amayi, anayang'ana langa. “Koma ine ndinalemba phazi lalitali,” anatero. “Ili la bakhali si limene ndinalemba.”

Amayi sanazembe. Anati tsiku lija kuboma anatsekula envulopu, anang'amba pepala langa, anagula lina, anaponda okha pakhonde la positi ofesi, mwana wasukulu wina n'kuwalemba. “Ndinati ngati ndi kutapa, atape ine. Ine ndadya kale zaka zanga.”

Ndiye kudina miyendo kuja, amadikira kutupa!

Ndinawakalipira mawu amene sindingalembe pano. Ndinati mwandiphera ntchito ndi manja anu. Iwo anangovula nsapato ija n'kuipukuta ndi chitenje.

Lero ndazungulira paliponse. Wakaunjika akufuna kusinthanitsa ndi nsapato za muofesi zosalala kunsi, wakuba uja. Anyamata a mpira akana kundibwereka zawo, nawonso akupikisana nawo. Ndatumiza uthenga kwa a Mcdonald kuti andilole chopanda nsapato, ayankha kuti lamulo ndi lamulo.

Ndiye ndapeza nzeru. Ndachotsa tizansalu ta pansi ta m'kati muja, masokosi ndasiya, phazi ndapaka mafuta ophikira, zala ndapinda. Zalowa. Ndikaima ndimaona nyenyezi, koma zalowa. Kuvula kwake ndi nkhondo, ndiye za kukhuthula madzi pamtsinje zija iwalani, ndikavula sindidzavalanso.

Loweruka ndikuthamanga. Pofika kalatayi kwa inu zidzakhala zitachitika kale. Mundikhululukire pokuganizirani zoipa.

Tiwonge


Johannesburg
27 Febuluwale 1996

Ruth,

Ndikulembera iwe, ndipo za ulemu tisiye kaye. Kalata ya mwana yandipeza lero, tsiku lija litadutsa kale.

Ndiuze kuti sanazivale. Ndiuze kuti unamubisira, unaziponya m'nyanja, chilichonse. Ine ndaonapo mapazi a dona wanga atathamanga ndi nsapato yothina pang'ono chabe, anakhala mwezi osaponda pansi. Nanga mwana wopinda zala, wopanda masokosi, phiri lonse, madzi ali m'kati?

Ndimafuna ndikutukwane, ndakhala ndikusanja mawu kuyambira m'mawa. Koma ndikaganiza iwe utaima pakhonde la positi ofesi, phazi papepala, ukudikira imfa yochokera kwa ine, mawu akundithawa. Ndiwe chitsiru, mlamu wanga, koma chitsiru chake sindinachionepo.

Ndiyankhe msanga. Ali kuti mwana? Akuyenda? Ntchito ija yatha bwanji? Usandibisire kanthu.

Gladys


Maganga, Salima
12 Malichi 1996

Alamu anga a Gladys,

Kalata yanu ndalandira. Chitsiru ndavomera. Ndinakuyesani mfiti inu mukudzimana chifukwa cha mwana wanga, ndipo pepani yanga ndi yochepa pa zimenezo. Mwati ndisabise, ndiye ndilemba zonse ngakhale dzanja lichedwe.

Anazivala. Kumubisira ndinaganiza, koma ndinali nditamulakwira kale kamodzi mobisa. Loweruka lija ananyamuka osanditsanzika. Ine ndinakwera matola ya pambuyo pake, ndinakaima pomalizira pakati pa anthu, chitenje kumutu kuti asandione.

Mvula inagwa tsiku lonse. Tinkangomva kwa obwera panjinga kuti mtsinje wadzadza, akuwoloka madzi ali m'chiuno, ena abwerera. Anafika mnyamata woyamba, wachiwiri, wachitatu. Anafika wachinayi, jombo imodzi m'manja. Kenako kunati zii. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndimadziwa. Ndiye anthu anakuwa kuti, “Mkazi! Mkazi!” Anali iye, akutsika phiri, anyamata awiri ali m'mbuyo mwake. Kathamangidwe kake sikanali kake kaja, ankaponda ngati pansi pali makala, koma nsapato zanu sizinaterereke ngakhale kamodzi. Mmodzi wa anyamata aja anagwa chagada pamatope. Tiwonge anafika wachisanu.

Anthu anamunyamula. Palibe anadziwa kanthu, chifukwa kunja nsapato zinali ndi matope okha. Atakhala pansi anati, “Ndivuleni.” Amuna awiri anachita kukoka. Alamu, nsapato zosalowa madzi zija sizitulutsanso kanthu. Atazipendeketsa munatuluka madzi ofiira ngati potumbula mbuzi, ndipo zikhadabo zina zinatsalira momwemo. Ndinaiwala zobisala, ndinakuwa.

A Mcdonald analemba dzina lake, koma nkhope inali yolimba. Anati, “Wapambana, sindikana. Koma ine ndikufuna sikauti woyenda. Lolemba la pa 26 m'mawa ufike pa geti la kampu ukudziyendera wekha. Ukalephera, malo ndi a uyu.” Analoza mnyamata amene anafika wachisanu ndi chiwiri. Mnyamatayo ankayang'ana mapazi a mwana wanga ngati galu woyang'ana fupa.

Kuchipatala anamutsuka n'kumumanga mabandeji. Sabata yonse ndinamuthowa, ndinamudyetsa, ndinamuperekeza kuseri atandikolowekera dzanja. Mawu kwa ine analibe, ngakhale limodzi. Nsapato ndinazichapa n'kuziika m'dengu.

Lolemba lija tinakwera matola yoyamba. Inatitsitsa pamsewu waukulu, ndipo kuchoka pamenepo kukafika kukampu ndi chikweza chokhachokha, matope ofiira oti galimoto kapena njinga sizingayerekeze. Tiwonge anayamba ndi patapata pamwamba pa mabandeji. Sanapite patali, anagwa. Anadzuka, anagwanso, mabandeji n'kufiira. Anakhala pamwala, anayang'ana phiri lija, anati, “Basi, zatha.” Sanandiuze ine, ankauza phirilo.

Patapata zanga nazo zinali zitaduka. Ndinatsekula dengu, ndinavala nsapato zanu, ndinamanga zingwe. Ndinamasula chitenje n'kumufulatira.

“Kwera.”

“Sindine khanda ine.”

“Ndati kwera.”

Anakwera. Miyendo yake inkakhwekhwereza pansi, ndinachita kuipinda m'chiuno mwanga. Mwanayu ndi wolemera, alamu, thumba la chimanga likuchepa. Ndinkayenda pang'ono, kuima, kupuma nditagwira mtengo. Anthu otsika ndi makala ankatipatukira, wina anafunsa ngati tikupita kwa sing'anga. Mano aja ankaluma matope, sindinagwe.

Tili pakati pa chikweza ndinamva mawu kukhutu kwanga.

“Amayi, zikanakhala zoona, azakhali akanakhaladi olodza, bwenzi mutafa inu?”

“Eya.”

“Osandiuza?”

“Ukanandiletsa.”

Kenako anati, “Ndinu opusa, amayi,” n'kuika nkhope yake pakhosi panga. Khosi linanyowa, ndipo mvula inali isanayambe.

Pokhota pomaliza, pamene a pa geti sakanationa, ndinamutsitsa. Ndinamumanga mabandeji atsopano amene ndinatenga, ndinamupukuta kumaso. Ndinatsala kuseri kwa chitsamba ndikusuzumira. Mnyamata uja analipo kale, chikwama chake paphewa. Mwana wanga anayenda yekha, msana woongoka, manja akugwedezeka ngati akupita kumsika. Ine ndekha ndinkadziwa chimene phazi lililonse linkamuchita.

A Mcdonald anayang'ana mabandeji nthawi yaitali. Analoza mtengo wa m'mbali mwa bwalo, anati apite akaugwire abwere. Anapita. Pobwerera anadzandira kamodzi, mtima wanga unaima, mnyamata uja anatsitsa chikwama pansi ngati wafika kwawo. Koma Tiwonge anadziwongola, anafika, anaima njo pamaso pawo.

Sindinamve zimene ananena, kunali kutali. Ndinangoona a Mcdonald akutembenukira kwa mnyamata uja n'kumugwira paphewa, iye n'kutola chikwama chake. Geti linatsekuka, Tiwonge analowa.

Ndinakhala pansi pamatope pomwepo n'kulira mokweza, kulira kwa pamaliro, mpaka mlonda anatsika kudzandifunsa kuti, “Mayi, wamwalira ndani?” Ndinati palibe, bambo, mwana wanga walembedwa ntchito.

Ndine mlamu wanu,
Ruth